Waya wa ku Chigayo ndi Mawu a Mlamu Wanga

Inu owerenga, tsoka langa linalowera pa ulemu. Ndinakhulupirira pakamwa pa mlamu wanga pamene ndinayenera kukhulupirira singano ya makina, ndipo banja langa linathera pomwepo.

M'masiku a chipani chimodzi ndinali mmisiri wa magetsi pa kampani ina yaing'ono ya ku Chileka, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa Chigaru. Mchimwene wa mkazi wanga, mwini mbumba, ndine ndinamupezera ntchito pa kampanipo. Tinatumidwa ku Lirangwe kukayala waya wapansi wopita ku chigayo chatsopano.

Ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake. Waya amayesedwa asanalowe m'ngalande, nayesedwanso atakwiriridwa, pakuti mwala kapena khasu zingathe kuboola chikopa chake. Tinkayesa ndi kabokosi kopukusa ndi dzanja kotchedwa mega. Singano yake ikagwa, ndiye kuti moto ukudontha m'nthaka. Koma dothi louma la m'chilimwe limabisa chilonda, choncho amene anatiphunzitsa ku mishoni ankati tizithira madzi m'ngalande tisanayese kachiwiri.

Kuyesa koyamba ndinachita ndekha. Tsiku lokwirira, anyamata a chipani anandigwira pamsika chifukwa khadi la chipani ndinali nditaliiwala m'malaya ena, ndipo anandikhazika padzuwa mpaka litapendeka. Pobwerera ndinapeza ngalande yakwiriridwa, alamu akusamba m'manja.

"Tayesa kale, alamu, ndi madzi omwe tathira. Kapena mufuna mupukusenso, anthu aone kuti kwathu timabadwa abodza?"

Inu amene munakhalapo chikamwini mukudziwa kulemera kwa mawu otere. Munda ndi wawo, nyumba ili pa dothi lawo, ana ndi mbumba yawo. Ndinaseka nawo, n'kutseka kabokosi. Kwa abwana ndinakanena kuti waya ali bwino.

Mvula yoyamba itagwa, ngolo ya wapampando wa nthambi ya chipani inabwera ndi chimanga kuchigayo. Ng'ombe imodzi itaponda pamene panadutsa waya inanjenjemera, nigwa, osadzukanso. Amayi amene anali pamzere, ambiri opanda nsapato, anabalalika akulira. Titafukula tinapeza waya atatemedwa ndi piki, chilonda chake chitakulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mfundo yake ndinaizindikira: ndi mmene alamu ankamangira katundu pa kaliyala wa njinga yawo.

Pamaso pa wapampando ndi abwana, mlamu wanga, munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi, anati, "Ine ndine wokumba chabe, makina achizungu ndingawadziwire kuti? Ndiponso mkamwini wathuyu ngakhale khadi sayenda nalo."

Masiku amenewo mawu otsirizawo anali olemera kuposa ng'ombe. Ndinatsekeredwa m'chitokosi, ntchito inatha.

Komatu chimene chimandiwawa mpaka lero si chitokosi ayi. Nditatuluka, mkazi wanga anandiuza chogwada kuti mchimwene wakeyo anamuululira za pikiyo tsiku lomwe anakwirira ngalande, mvula isanagwe. Anadziwa, nandiphikira, nandiyalira mphasa, osanena kanthu. Ndinamupempha kuti tipite limodzi akanene zimenezi kwa abwana, dzina langa liyere. Anayang'ana pansi.

"Bambo a ana, inu munachita kubwera. Achimwene ndiwo adzandiike m'manda."

Akale anati chibale ndi fupa, sichiola. Anaiwala kutiuza kuti fupalo limatsamwitsa wobwera. Ndinakulunga bulangeti langa n'kubwerera kwathu. Ana anatsala, monga mwambo unenera.

Tsono inu amisiri a lero, chilichonse chimene chakwiriridwa inu kulibe, chiyeseni ndi dzanja lanu, wokwirirayo akhale m'bale, akhale mpongozi. Thirani madzi, pukusani, yang'anani singano ndi maso anu. Akakwiya alekeni akwiye, mkwiyo wa mlamu umazirala ndi chikho cha thobwa. Ine ndinaopa kumuchititsa manyazi a kanthawi, ndipo ana anga anakulira pakhonde pa malume awo, akuuzidwa kuti bambo wawo anawathawa.