Mbale Yamaluwa M'thumba la Amabotolo

Mumsewu mwathu palibe amene sawadziwa Amabotolo. Ndi mayi wamfupi wovala magolovesi ofiira, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kuli matumba atatu: la mabotolo oyera, la obiriwira, ndi la abulawuni. Botolo lililonse amalitsuka, kuchotsa chitsekero, n'kuliyanika palata. Lachinayi kumabwera lole kudzatenga, mabotolowo amakawasungunula kufakitale n'kupanga ena. Mayiwa amati galasi lakale silidya moto wambiri ngati latsopano, ndiye utsi umachepa, dziko limapumako. Zaka zisanu ndi ziwiri dalaivala sanawabwezerepo thumba ngakhale limodzi, ndipo nkhani imeneyi amauza aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

Ndiye Lachinayi lina dalaivala anapisa dzanja m'thumba loyera lija, n'kutulutsa chibenthu cha mbale yadothi. Cha maluwa abuluu.

"Mayi, mbale sisungunuka limodzi ndi galasi, imawononga zonse. Thumba ili litsale. Zikachitikanso, pano sindidzaimanso."

Anthu anali pompo, maso tong'o. A Ometa, omwe kashopu kawo kometera kagundana ndi mpanda wa Amabotolo, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Maso ayamba kutha, achemwali. Mawa mudzaponyamo ndi poto yemwe."

Amabotolo anakhuthulira thumba lonse pansi n'kuyamba kusankha kamodzikamodzi. Zibenthu zinapezeka khumi ndi zinayi, ndipo zonse zinali zitamatirira tsitsi lometedwa. Apo ndi pomwe anakumbuka. Sabata yonse akazi a Ometa anakhala akusaka mbale yomwe malemu mayi awo anawasiyira, ndipo a Ometa ankauza anthu kuti mwina yapita ndi "otolatola aja". Nanga wotolatola mumsewu muno ndani?

Amabotolo anakagula guluu. Masiku awiri ali patebulo, magalasi pamphuno, kulumikiza duwa ndi duwa linzake.

"Amayi, osangopita kukawakalipira bwanji?" anafunsa mwana wawo wamkazi.

"Kukalipa kumapita ndi mphepo, mwanangu. Tandipatsa kachibenthu ako."

Loweruka masana shopu inali itadzaza, ena atakhala pabenchi panja, ndipo akazi a Ometa anali atangofika ndi chakudya cha amuna awo. Amabotolo anavala diresi lawo labwino lija, kukulunga mbale m'kansalu koyera, n'kulowa mwaulemu ngati mlendo wochokera kutali.

"Zikomo kuno. Mayi, ndabweretsa katundu wanu. Ndinam'peza m'thumba langa, pansi penipeni." Anavundukula kansalu, kenako n'kuika kapepala pambali pake. "Ili ndi tsitsi lomwe linali pomwepo. Ndati ndibweze kwa eni ake, poti mabotolo anga sameta."

Makina ometera anazima. Bambo amene ankametedwa anatsala ndi tsitsi mbali imodzi, koma sanadandaule n'komwe, anangotembenuza mpando kuti aone bwino.

Akazi a Ometa anayang'ana mbale, anaisisita ndi chala m'ming'alu monse, kenako n'kuyang'ana amuna awo.

"Bambo a ana, si munati yabedwa?"

"Inagwa yokha, mayi, ine ndimangoti ndi..."

"Inagwa yokha, n'kudzisesa yokha, n'kudumpha mpanda yokha?"

Abale, benchi yonse inagwa nako kuseka. Amabotolo okha ndi amene sanaseke. Anapinda kansalu kawo bwinobwino, kutsanzika aliyense, n'kutuluka pang'onopang'ono kuti amve zotsalazo.

Chigamulo anapereka ndi akazi a Ometa omwe. Lachitatu lililonse m'mawa a Ometa amatseka shopu n'kukakhala kuseri kwa Amabotolo, beseni pakati pa miyendo, kutsuka mabotolo a msewu wonse. Lole imaimabe, ndipo thumba silinabwezedwenso. Amabotolo amakhala pampando ndi kapu ya tiyi, n'kumanyamula botolo limodzilimodzi kuliunika padzuwa.

"Ili mubwereze, achimwene, muli dothi pansi apa. Kapena maso ayamba kutha?"