Amalume Anadzipereka kwa Ine Popanda Pepala

Amene anandibweretsa ku South Bend ndi amalume, achimwene awo a mayi anga. Iwo anali atakhalitsa ku America, akugwira ntchito yochapa nsalu za odwala pachipatala china m'tauni. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamwamuna, ankakhala ku Lawrence, cha ku Indianapolis. Msuweni wangayo anakulira konkuno. Chichewa ankamva bwinobwino, koma ukamupatsa moni ankayankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, ngati munthu wa kubanki.

Amalume atapuma pantchito, nkhani yawo inali imodzi basi: kubwerera kumudzi. Nyumba ya malata anali atamanga kale ku Dedza, ndipo makadi a foni ankathera kufunsa ngati denga silikudontha. Chimene ankaopa kwambiri chinali kudzatsekeredwa m'nyumba yosungiramo okalamba. Ineyo ndinkagwira ntchito m'nyumba yotero, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, ndiye mantha awo ndinkawamvetsa.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, anaitanira kwawo abusa ndi akulu a mpingo angapo. Tiyi atathiridwa, amalume anaimirira, n'kuika dzanja paphewa panga.

"Abusa ndi inu nonse, mumve ndi makutu anu. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, mbumba yanga. Ndikadzagwa, mwini wake wa ine ndi ameneyu. Adzandinyamule akanditule kwathu ndikupumabe. Sindikufuna kupita m'bokosi, kunsi kwa ndege ngati katundu."

Akuluakulu anawomba m'manja, abusa anapemphera. Msuweni wanga panalibe, ndipo palibe anafunsa za iye. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Za bambo ake zimayendetsedwa ndi ana a mlongo wawo, iye amakalowa za amalume ake. Tonse amene tinali m'chipindamo tinakula tikudziwa zimenezo, moti sizinationekere zachilendo.

Alendo atapita ndinayesa kulankhula. "Amalume, bwanji tikasainitse zimenezi kwa loya? Kunotu amafuna power of attorney, pepala loti mwandipatsa mphamvu zokulankhulirani mukadwala."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Abusa amva, akulu amva, Mulungu wamva. Ndiye munthu wa tayi aposa onsewa? Kapena wayamba kundiwerengera masiku?"

Ukafunsidwa choncho ndi amalume ako, umangomwa tiyi wako wozizirayo.

Anagwa m'nyengo ya sinowo, m'khitchini mwawo. Sitiroko inatenga mkono ndi mwendo wa kumanja, inatenganso mawu. Maso okha ndiwo ankalankhula. Atayamba kupezako bwino, kuchipatala anati pakufunika munthu woti anene kumene wodwalayo apite akatuluka. Ine ndinapita chifuwa chili patsogolo, nditatenga abusa atavala kolala yawo kuti akhale mboni.

Anatilandira mayi wina woona za odwala ndi mabanja awo. Anamvetsera zonse, za tiyi, za dzanja paphewa, za pemphero, akugwedeza mutu mokoma mtima. Abusa atamaliza, mayiyo anati ndi mwambo wokongola kwambiri. Kenako anafunsa kuti pepala lili kuti.

Ndinati pepala palibe, koma mboni si izi, zamoyo.

Anafunsa ngati amalume ali ndi mwana. Nditavomera, anati ndiye woti alankhule naye ndi mwanayo, ndipo anapepesa kuti za matenda awo sangathenso kundiuza zambiri popanda chilolezo chake.

Ine amene ndinawapeza ali pansi, ine amene ndinkadziwa mankhwala awo onse pamtima, ndinasanduka munthu wodutsa m'njira. Abusa, munthu amene mawu awo amathetsa milandu ya mabanja mumpingo mwathu, anangotsala akutembenuza chipewa m'manja. Sindinaonepo mboni zikuchepa mphamvu chonchija.

Msuweni wanga anali akubwera kudzazonda bambo ake kuyambira tsiku loyamba, koma za msonkhano wa Lamlungu lija sankadziwa. Abusa ndi amene anamufotokozera, m'khonde la chipatala, m'Chichewa chofatsa. Iye anamvetsera osaphethira. Anangofunsa funso limodzi, kuti zimenezi zinachitika liti. Atauzidwa, anati zikomo, n'kulowa m'chipinda cha bambo ake, n'kutseka chitseko.

Zotsatira zake zinathamanga kuposa mmene ndinkaganizira. Msuweni wanga anapeza loya. Madokotala analemba kuti ulendo wautali wa pandege ndi woopsa kwa munthu wotero, komanso kuti akufunika anamwino usana ndi usiku. Khoti linamuika iyeyo kukhala woyang'anira bambo ake pa zonse: kumene azikhala, za kubanki, penshoni, ngakhale pasipoti. Ine ndinakhala pabenchi yakumbuyo. Palibe anandifunsa kanthu, ndipo dzina langa silinatchulidwe n'komwe. Posakhalitsa amalume anawasamutsira kunyumba ya okalamba ku Beech Grove, kuti akhale pafupi ndi mwana wawo.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo sindibisa. Loweruka lina ndinayendetsa galimoto kupita ku Lawrence mawu ali okonzakonza m'kamwa. Ndinamupeza akuchotsa sinowo ndi fosholo pakhomo, ndipo sindinadikire kuti andilowetse m'nyumba.

"Msuweni, ukudziwa chimene wachita? Bambo ako ananena pamaso pa anthu kuti akufuna akafere kwawo. Iwe wawadampa kwa azungu ngati alibe abale!"

Anazika fosholo yake m'sinowo. Anayankha m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse, mawu ake osakwera.

"Kumudziko adzawatembenuza ndani pabedi? Azakhali amene ali kumeneko ndi okalamba kuposa iwo. Iwe utsala nawo kumeneko, usiye ntchito?"

Ndinati abale sangasowe, chibale ndi fupa sichiola.

"Abale," anatero. "Kuyambira ndili mwana mwakhala mukundiuza kuti ndine wa kwa amayi anga. Amayi anga anamwalira, ndipo kwawoko sindinapondeko. Munakhala pansi n'kugawana bambo anga, ine ndili pompano, foni ili m'thumba. Jaji uja ndi munthu woyamba kunena pagulu kuti amenewa ndi bambo anga."

Ndinali nditakonzekera kukangana ndi mwana wa ku America wosamva mwambo, wofuna kapena ndalama za bambo ake. Amene anaima patsogolo panga anali munthu wolira, mamina akuuma ndi chisanu. Zinandidzidzimutsa kuposa za kuchipatala zija, chifukwa mwambowo anali akuumva bwino lomwe zaka zonsezi, ife tikuyesa kuti Chichewa chimangomudutsa.

Sanasinthe maganizo, ndipo ine ndinalibe poti n'kugwira. Loya amene ndinakamufunsa pambuyo pake anandiuza mosabisa kuti pepala lija likanasainidwa amalume akadali bwino, nkhani ikanakhala ina. Tsopano munthu wosatha kulankhula kapena kugwira cholembera sangasainenso kanthu.

Tsiku lomwelo la ku Lawrence ndinadutsira ku Beech Grove. Malowo anali aukhondo, ofunda, anamwino ansangala. Amalume anawakhazika pampando wa matayala pafupi ndi zenera, atawameta bwino. Pa nthawiyo anali atayamba kutulutsa mawu amodziamodzi, movutikira. Atandiona, maso awo anawala. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, mwamphamvu, pakamwa pakunjenjemera mpaka liwu linatuluka.

"Liti?"

Sankadziwa za khoti. Kwa iwo nkhani inatha tsiku limene akulu anawomba m'manja, ndipo ankangodikira kuti mwana wa mlongo wawo abwere ndi tikiti.

Ndinawakonzera bulangeti pamiyendo. Ndinati, "Kunja kukuzizirabe, amalume. Tidikire kaye kutenthe."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kuzenera kuti aone ngati sinowo wayamba kusungunuka.