Kawaya Aboola Khutu la Wailesi ya Basi

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa tsiku la sukulu, m'mawa wamba wopanda chachilendo. Mwaima pageti, dzuwa langotuluka kumene, ndipo kumunsi kwa msewu kukubwera kabasi koyera kokalamba, kodzaza ndi ana. Musanakaone n'komwe mwamva kale mawu a wowerenga nkhani akutulukira pazenera, chifukwa Adalaiva athu sayenda wailesi ili chete. Kabasi kaima, ana akutsika mokankhana, wina waiwala botolo la madzi, wina chingwe cha nsapato chamasuka. Pampando wakutsogolo patsala munthu mmodzi yemwe si mwana wa sukulu: mtsikana wovala ovololo yabuluu, kachikwama ka zida kali pamiyendo. Ameneyo ndi mwana wa Adalaiva, ndipo akatula anawo amakamusiya kushopu yake yokonzera mafoni. Tonse timamutchula Kawaya.

Dzinali analitengera m'kalasi mwanga. M'thumba la yunifolomu yake simunkasowa kawaya, kasipulingi kapena kabatire kakufa kotola panjira. Tsiku lina wotchi yapakhoma itaima, ndinatuluka kukatenga choko, ndipo pobwera ndinaipeza ili chagada padesiki pake, matumbo onse ali pamtunda, tizitsulo tatandalikidwa mwa mzere kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndikalipe, iye anandiyang'ana ndi maso owala.

"Sinafe, Aphunzitsi. Yangodya fumbi."

Belu lisanalire wotchiyo inali ikuyenda.

Atamaliza sukulu anakaphunzira ntchito kwa mmisiri wina wa mawailesi, kenako anatsegula kashopu kake pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Ndi kachipinda kopanikiza: tebulo limodzi, nyale yopindika khosi, galasi lokuzira zinthu, chowotcherera mawaya, ndi katoni ya mafoni ndi mawailesi akufa imene iye amaitcha kumanda. Anthu amamusiyira mafoni awo mtima uli m'malo. Munthu mmodzi yekha ndiye sankalola kuti Kawaya akhudze chinthu chake, ndipo munthuyo anali bambo ake omubereka.

Chinthucho chinali wailesi ya m'basi. Ndi ya makaseti, yomwe inabwera ndi basiyo kuchokera kufakitale, mabatani ake anachita kusalala ndi zala. Madalaiva anzawo anazula zawo kalekale n'kuika zamakono zothwanima ngati disiko, koma iwo ayi. Ankaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, ndipo wina akawanena ankangoti, "Wailesi iyi ndi basi iyi ndi mapasa. Mapasa salekanitsidwa."

Ndiye kunabwera mpikisano wa makwaya a masukulu. Okonza mpikisanowo analamula kuti kwaya iliyonse iimbe nyimbo imodzi motsatira piyano yojambula kale, ndipo anaitumiza pafoni ya Amadamu ophunzitsa kwaya. Sukulu yathu ilibe piyano. Sipika yaikulu imene tinkadalira inapsa sabata yomweyo ya mpikisano, utsi kuchita kutuluka. Amadamu anayesa kukweza foni m'mwamba, koma ana akangotsegula pakamwa kamawu ka foniko kankamira. Choipa kwambiri, pakati pa nyimboyo pali malo pamene kwaya imakhala chete, piyano n'kulira yokha, kenako onse n'kulowa pamodzi. Ana athu anali asanaimvepo piyanoyo bwinobwino, choncho ankalowa ngati mbuzi zotuluka m'khola, wina patsogolo, wina pambuyo. Akanapita choncho akanakachita manyazi pamaso pa masukulu onse.

Madzulo ena Adalaiva ankadikira anawo panja pa kalasi, Kawaya ali pambali pawo. Anamva kwaya ikulowa molakwika, ikubwereza, ikulakwanso, mpaka kamtsikana koimba mawu apamwamba kanayamba kusisima.

"Ababa," anatero Kawaya, "masipika abwino kuposa onse pasukulu pano ali m'basi mwanumu."

"Ndiye?"

"Ndiye mundibwereke wailesi."

"Amayi anga," anatero Adalaiva, monga amamuitanira mwana wawoyo, "bwerekani china. Bwerekani tayala."

"Sindikuitaya ayi. Ndingoiboola khutu kuti izimva foni. Mawailesi amakono ali ndi kabowo kolowetsapo waya wa foni. Yanuyi anaiwala kuiboolera, basi."

"Sanaiwale. Nthawi imeneyo foni inkakhala patebulo, ili ndi mchira. Nanga makaseti anga?"

"Mukazula waya wa foni, kaseti izibwerera yokha."

"Nanga ikafera m'manja mwako?"

"Ikafa, ndizikhala pampando wakutsogolo uja m'mawa uliwonse n'kumakuwerengerani nkhani ndi pakamwa panga."

Adalaiva anaseka mosafuna. Anayang'ananso pazenera la kalasi, pomwe Amadamu ankapukuta misozi ya kamtsikana kaja, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi.

M'mawa mwake, ana atatsika, ntchito inayamba pageti pomwepo. Kawaya anakanula pulasitiki yozungulira wailesi ndi kachitsulo kophwatalala kokulungidwa nsalu. Nthawi iliyonse pulasitikiyo ikati thwa, bambo ake ankatsinzina.

"Pang'onopang'ono, iwe! Ili ndi mitsempha imeneyo."

"Ababa, pitani mukaone ngati matayala ali ndi mpweya."

"Ali nawo."

"Kaoneninso."

Asanazule waya ndi mmodzi yemwe, anajambula kumbuyo kwa wailesi ndi foni yake kuti adzadziwe pobwezera. Kenako anaikulunga m'thawulo ngati khanda n'kupita nayo kushopu.

Atatsegula chivundikiro anapezamo fumbi la zaka zambiri ndi kapini ka tsitsi komwe mwana wina anakankhira pakhomo la kaseti. Anailumikiza ku batire la patebulo, n'kuika kaseti kuti izizungulira. Ndiye anayamba kulondola njira imene mawu amayenda, kuchokera pakachitsulo kowerenga tepi mpaka pamene amakuzidwira asanapite kumasipika. Ankagusa malo amodziamodzi pabolodi lobiriwira, khutu lili tcheru, mpaka anapeza tinjira tiwiri, ka sipika zakumanzere ndi ka sipika zakumanja. Pamenepo anadula mosamala n'kuwotcherera mawaya opita ku kabowo katsopano, kuphatikizapo waya wobwezera magetsi. Kabowoko anakafukula kumanda kuja, m'wailesi ina yakufa, ndipo kanali ka mtundu wochenjera: ukalowetsa waya wa foni kamatsekera kaseti njira, ukazula kamaitsegulira.

Amadamu anali atamutumizira nyimbo ija. Kawaya analowetsa waya, nadina foni. Piyano inadzaza kashopu konse, yoyera ngati madzi a pampopi. Makina a telala anaima. Wometa anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja, kasitomala wake atametedwa mbali imodzi.

"Kawaya, walowa tchalitchi liti?"

"Bwererani, achimwene, munthu wanuyo athawa ndi theka la mutu!"

Dzuwa lisanalowe wailesi inali itabwerera pamalo pake. Nkhope ya wailesiyo Kawaya sanaikhudze n'komwe. Kabowo anakaika pakapulasitiki kopanda ntchito kapambali. Basi ili chiimire pabwalo, Adalaiva anapotoza kiyi pang'ono kuti magetsi okha ayake. Anayamba ndi nkhani: zinamveka. Anaika kaseti yawo yokondedwa: inaimba. Kawaya analowetsa waya wa foni, woimba wa pakaseti anakhala chete pakati pa liwu, piyano n'kutenga malo. Anazula, woimba uja n'kubwerera.

"Taonetsanso," anatero Adalaiva.

Anaonetsanso. Kenako Adalaiva anamulanda wayayo n'kumachita okha, kulowetsa, kuzula, kulowetsa, kuzula, akuseka ngati mwana wopatsidwa chidole. Ana anali ataweruka kale, choncho mwayi wokhawo woyeserera ndi piyano unali wa panjira, popita kumpikisano m'mawa mwake.

Kunacha bwino. Ana anakwera atavala mayunifolomu osita, ine ndi Amadamu tili nawo, ndipo Kawaya anatseka shopu kuti adzaone ntchito yake ikugwira. Foni ya Amadamu ndi yokalamba, batire lake silikhalitsa, choncho anaisomeka patchaja ya pabowo loyatsira ndudu. Adalaiva analiza injini, basi inatuluka pageti, ndipo Kawaya analowetsa waya wake monyadira.

Piyano inayamba. Koma pamwamba pake panabwera kamawu kena kowonda, kobaya m'makutu: nyiiiii.

"Muli udzudzu m'wailesi!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo, basi yonse n'kuphulika ndi phwete.

Amadamu anaomba m'manja kuti ayambe basi. Anayamba, koma pofika pachitunda kamawu kaja kanakwera, ndipo oimba mawu apamwamba, omwe anaphunzitsidwa kutsatira chimene akumva, anakwera nako limodzi mpaka mawu anawathera. Amadamu anagwira mutu.

"Mwanawe, bola kafoni kanga kaja. Uyu ndiye atisokoneza kotheratu."

Nkhope ya Kawaya inagwa. Anagwedeza waya, anaupukuta, anatsitsa mawu, anakweza, koma udzudzu unali pomwepo.

"Dzulo inali bwinobwino," ankangobwereza. "Ababa, munamva nokha. Dzulo inali bwinobwino!"

Adalaiva anali atapendeketsa mutu monga amachitira akamamvetsera injini.

"Takhalani chete kumbuyoko," anatero. "Amayi anga, udzudzu wakowu ukutsatira phazi langa. Tamvera."

Anaponda moto, kamawu kanakwera. Anasiya, kanatsika. Anapondanso, kanakweranso.

Kawaya anadzimenya pachipumi.

"Injini! Kushopu kwanga kulibe injini, ndipo dzulo tinayesa ili yozima!"

Umu ndi mmene wokonza mafoni amagwirira ntchito: patebulo, pachete, chinthu chili phee. Sizinamufikire m'mutu kuti wailesi ya galimoto imakhala ndi mnansi waphokoso. Tsopano anadziwa kuti phokosolo likuchokera kumagetsi a injini, koma likulowera pati? Anazula waya wake, kaseti inaimba bwinobwino popanda udzudzu. Ndiye kuti wailesi inalibe mlandu. Anabwezera, nayang'ana foni ili pamiyendo pa Amadamu. Inali ndi michira iwiri, wina wopita kukabowo kake, wina wopita kutchaja.

"Amadamu, pepani."

Anatsomphola tchaja. Udzudzu unafa nthawi yomweyo, piyano n'kutsala yokha, yoyera ngati dzulo.

Ana anakuwa, ena kumenya mipando, ena kuimba dzina la Kawaya. Iye anafotokoza mwachangu, mawu akuthamangitsana, kuti foni inali yolumikizidwa kubasi mbali ziwiri, ndiye phokoso la magetsi a injini linkalowera kutchaja n'kutulukira kunyimbo.

"Zamveka," anatero Amadamu, "koma popanda tchaja foni iyi ikomoka tisanafike patali."

Kawaya anali atapisa kale m'kachikwama kake. Anatulutsa pawabanki, kabatire konyamula m'manja komwe sikakhudzana ndi magetsi a basi, n'kusomekapo foniyo.

"Yambani, Amadamu. Ababa, pondani mmene mungathere."

"Ndili ndi ana a eni ake, iwe. Ndiponda mwaulemu."

Ulendo wonsewo basi inasanduka kalasi. Koyamba ana analowa mochedwa, chifukwa anatengeka ndi kukoma kwa piyano n'kuiwala kuti akuyenera kuimba. Kachiwiri anyamata anafulumira. Amadamu anaimirira pakati pa mipando, dzanja limodzi litagwira chitsulo, linalo likuwerenga m'mwamba, Kawaya akubweza nyimbo pamalo ovuta paja mosatopa. Kenako inafika nthawi imene piyano inalira yokha, basi yonse inagwira mpweya, ndipo onse analowa ngati munthu mmodzi. Pansi pa mawu a anawo panamveka besi yonenepa imene sitinaiphunzitse, ndipo titayang'ana tinapeza ndi Adalaiva, maso ali pamsewu, pakamwa pali pululu.

"Ababa, simuli m'kwaya inu!"

"Basi ndi yanga, wailesi ndi yanga. Bwezanso pamenepo."

Pofika kuholo ya mpikisano anawo ankaidziwa piyanoyo ngati mnzawo wokhala naye desiki limodzi. Atakwera pansanja, malo ovuta aja anafika, holo inati zii, ndipo ana athu analowa pa nthawi yake, onse pamodzi, kamtsikana kolira kaja kali patsogolo. Chikho chinapita kusukulu ina, ife tinakhala achiwiri, koma pobwerera munthu akanaganiza kuti tatenga dziko lonse.

Sabata yotsatira Kawaya anatsegulanso pulasitiki yozungulira wailesi ija n'kuika kachipangizo kosefa phokoso pawaya uja, ndipo ulendo uno anayesa injini ikulira, bambo ake akuponda moto. Madalaiva ena amene anasunga mawailesi awo akale ayamba kuima pakhomo pa kashopu kake. Basi ya sukulu yathu ikadali ndi wailesi yake ya kufakitale, ndipo tsopano imaimba kaseti, imawerenga nkhani, ndiponso imalandira nyimbo za pafoni, ngakhale foniyo ili patchaja.