Tinamangira Adada Njinga Kudenga

Loweruka lapitali ndinaperekeza bambo anga kuchipatala. Adokotala anawapopa mkono, nkuwabaya chala, nkunena kuti BP ili bwino, shuga alinso bwino. Koma sikelo inakana kunama. Bambo aonda, moti lamba wawo taboolanso kachiwiri.

"Ndiye akudwala chiyani?" ndinafunsa.

"Kunyumba amatani tsiku lonse?" adokotala anandibwezera funso.

"Palibe. Timawasamala," ndinayankha monyadira.

Tamvani mmene timawasamalira. Bambo alima mpunga ku sikimu ya Hara kuyambira ine ndisanabadwe. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kupita kumunda. Kulima kwenikweni anasiya kale. Ankapita kukakangana ndi anzawo kuti lero wotsegulira madzi m'ngalande ndi ndani, ndipo akatopa kukangana ankakhalira bawo pansi pa mtengo wa mango.

Chaka chatha anagwa panjinga nkusupuka bondo. Bondo lokha! Ife ana tinachita msonkhano pa WhatsApp ngati kwagwa boma. Chigamulo chinali chakuti njinga imangidwe kudenga, kumunda kupite aganyu, bambo tiwagulire mpando wa khushoni ndi wailesi. Amene anakwera pa tebulo kukamanga chingwecho ndine.

Pochokera kuchipatala tinadzera kwa msuweni wanga Tamara, amene amakaoda zovala ku China podutsa pa Songwe mpaka ku Dar. Atamva nkhaniyi anandiseka mopanda manyazi.

"Iwe, ku China nkhalamba sizikhala pampando yayi! Taona."

Pafoni yake panali amayi aimvi akuvina pabwalo m'mawa, ena okalamba kuposa bambo. Pambali pake panali madoda akumenya makadi, kulongolola ngati pamsika. Bambo anaonera kanemayo kawiri.

Zinandikhudza, moti nditafika kunyumba ndinafufuzako. Dziko lija lili ndi okalamba ochuluka zedi, ndipo akatswiri a zaumoyo kumeneko akamafuna kudziwa amene imfa yamuyandikira sayang'ana matenda okha. Amafunsanso ngati munthuyo amatha kudzisambitsa, ngati amatuluka panja, ngati mnzake wa m'banja ali moyo, ngati ali ndi ocheza nawo. Wosayenda, wosowa woseka naye, kawirikawiri ndi amene amatsogola.

Ndinayamba kuwerenga ndi zala. Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo, pamenepo tilibe mlandu. Nanga kuyenda? Nanga anzawo? Nanga chowadzutsa m'mawa? Zonsezo tinawalanda ndife, titavala nkhope zachifundo.

Ndipo musandiyang'ane ngati ndine ndekha. Ndi angati a inu amene mumaimba foni muli ku Mzuzu nkumalamula kuti, "Amama asamapitenso kumsika, asagwirenso khasu"? Mumatumiza shuga, sopo ndi mankhwala, nkumagona tulo tabwino. Anthu akakufunsani mumati, "Akungodya ndi kupuma." Kodi ndi nkhuku yoweta? Akulu anati kalikokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu, koma ife tikuganiza kuti wailesi ndi munthu wachiwiri.

Kunena zoona, sitimaopa kuti kholo livulala. Timaopa kunenedwa kuti ana ophunzira akusiya bambo awo akupalasa njinga padzuwa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakweranso pa tebulo lija. Ndinatsitsa njinga, kuipukuta fumbi, kupopa matayala, nkuikankhira pamaso pawo.

"Adada, mawa mupite ku sikimu."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira chishalo.

"Yayi, mwana wanga. Ndikakangane ndi ndani? A Msiska ana awo anawatengera ku Lilongwe. A Gondwe anamwalira m'dzinja, ndipo kumaliro awo munandiletsa ndinu. Munati kuli matope."

Ndinali nditaiwala, koma iwo ayi.

"Koma isiye pansi pompo," anatero.

Lolemba sanapite. Lachiwiri sanapitenso. Pamene ndikulemba pano ndi Lachinayi, njinga ikadali pakhonde, ndipo ndili ndi mantha kuti ndachedwa.

Inu amene makolo anu akadali ndi anzawo okangana nawo, mukudikira kuti atsale angati?