Dzina la Achimwene Silinalembedwe

Ndikukumbukira chaka chimene madzi osefukira anatithamangitsa ku Makhuwira, n'kukakhala ku Nchalo m'kachipinda kamodzi kuseri kwa msika. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Achimwene anga, a Zuze, analowa gulu la anyamata onyamula katundu pa depoti, koma katundu wina sankafika kwa eni ake. Gululo linali ndi lamulo: wachibale wako akaulula chinsinsi, unkametedwa mpala anthu akuona, n'kuthamangitsidwa pa depotipo. Ife tinkadyera pomwepo.

Kenaka kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza za moyo wa anyamatawo. Iwo anamukana, ankati ndi kazitape wa apolisi. Iye sanachoke. Tsiku lililonse ankakhala pa benchi la amayi anga, kutithandiza kuingitsa ntchentche pa milamba yowamba, thukuta lili kamukamu, kope lili pamiyendo.

Ine ndinafuna kuoneka wodziwa zinthu. Ndinamuuza kuti zikwanje za gululo amasunga ndi achimwene, m'denga mwathu.

Anaika cholembera pansi. "Imeneyo ndi nkhani ya a Zuze, adzandiuza okha akafuna. Iwe undiuze yako. Wadya chiyani lero?"

Koma wogulitsa tomato pafupi nafe anali atamva. Pofika masana, mtsogoleri wa gulu anatulukira ndi lezala, atawagwira achimwene pakolala. Amayi anayamba kupemphera m'Chisena. Mlendo uja anangopereka kope lake, nati aliwerenge lonse. Mtsogoleriyo sukulu anaidziwako. Anawerenga tsamba ndi tsamba ife titaimirira padzuwa. Munali za madzi a pampope, za denga lodontha, za njala yanga. Za zikwanje munalibe, dzina la munthu munalibenso. Anabweza lezala m'thumba. Achimwene anatha mlungu osandilankhula.

Chaka chatha ndinaika m'manda mwana wanga wamwamuna. Anabayidwa pa ndewu ya magulu otere ku Bangula. Tsopano kwabwera ofufuza ena ndi mafoni ojambulira mawu, ndipo abale akundikakamiza kuti nditchule anzake onse. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaphunzira pa benchi lija ndazigwiritsa. Ndawauza ofufuzawo kuti akhale pansi, ndiwafotokozere mmene ndinamulerera, ndi masiku amene anagona ndi njala. Imeneyo ndi nkhani yanga, ndipo ndiinena yonse. Mayina a ana a eni ake satuluka pakamwa panga.