Udzudzu wa m'makutu mwa a Komandanti

Ndinasiya sukulu ya zamagetsi m'chaka chachiwiri, titamvana bwinobwino ndi aphunzitsi kuti magetsi angathe kupitiriza kuyenda popanda ine. Mpaka lero akuyenda. Achemwali anga, amene ndimawaitana kuti mana monga timachitira kuno ku Tete, anamaliza sukulu yomweyo, napita ku Maputo, nabwerako ndi chilolezo chokonza mawailesi a ndege zing'onozing'ono. Ndiwo anandipezera ntchito pa kampani yawo, ntchito yonyamula oulutsa ndege pa galimoto kuchokera m'tauni kupita ku bwalo la ndege la ku Chingozi. Choncho nanenso ndine wa zandege, nthambi ya pansi.

Mwa anthu amene ndinkanyamula panali bambo wina wa imvi wa ku Angónia, amene tonse tinkawatcha a Komandanti. Ankaulutsa kandege ka injini imodzi, okhaokha kutsogolo, kumbuyo anthu a ku migodi kapena odwala a kumaboma akutali. Sankakonda kuyankhula m'galimoto. M'mawa wina titaima pa mlatho wopita ku bwalo kumbuyo kwa malole, anatsokomola.

"Mwana wanga, ndili ndi udzudzu m'makutu."

Ndinawauza kuti nyengo yake ndi yomweyi.

Sanaseke. Anati ndege ikangonyamuka, kaphokoso kowonda kamayamba kulira m'mutu mwawo, mpaka mawu a anthu a pa nsanja yolondolera ndege amamira. Kangapo konse anali atawapempha kuti abwereze. Anagula mahedifoni atsopano, udzudzu unasamukira momwemo. Mwezi wotsatira anali oti akapimidwe kwa dokotala, ndipo woulutsa ndege makutu akamuthera, ntchito yatha.

"Basi ndikalime mbatata kumudzi. Usauze munthu."

Chinsinsicho ndinachisunga mokhulupirika mpaka nthawi ya chakudya chamasana.

Mana anasiya kutafuna. "Ndiye akuuluka chonchi osanena? Iwe injinyelo, mawa ubwere nawo molawirira."

Mana si munthu wodzichepetsa. Ntchito amaidziwa, ndipo amadziwa kuti amaidziwa. Ali ndi mwambo wawo umene anthu a pa bwalo amauseka kumbali: satsegula bokosi la zipangizo mpaka mwini dandaulo atayimba phokosolo ndi pakamwa pake. Amati lothetheka ngati nsomba mu mafuta limachokera ku mapulagi, logogoda mwakanthawi ngati wotchi ndi la nyale zothwanima za kumapiko, ndipo lililonse lili ndi kwawo. Ndinaonapo amuna akuluakulu a mayunifolomu akulira ngati mphaka pamaso pawo.

"A Komandanti, tandiyimbireni," anatero titangofika m'shedi ya ndege.

"Ndiyimbe chiyani, mayi?"

"Udzudzu wanuwo."

Bamboyo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga, limene tsiku limenelo linali losangalatsa kwambiri. Kenako anatseka maso natulutsa kamawu kowonda, kochititsa manyazi, ngati ketulo ya munthu wosauka.

"Mukawonjezera moto wa injini?"

Kamawu kaja kanakwera, iwonso ananyamuka pang'ono ndi zala za kumapazi.

"Tiyeni tikailize ili pansi," anatero mana. "Koma ndikuuziranitu, bambo. Ndikapanda kuumva ine, ndiye kuti ndi makutu anu, ndipo sindibisa. Mumanyamula ana a eni."

A Komandanti anagwedeza mutu. Anakwera pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'khoti. Mana anakhala pambali pawo, ine kumbuyo monga katundu, tonse titavala mahedifoni. Injini itagwira moto, udzudzu uja unabwera, wonenepa bwino. Ndinaumva ndi makutu anga. Okwera kumbuyo ayenera kuti ankaumva masiku onsewo, kungoti munthu wokwera ndege mwa apo ndi apo amaganiza kuti kumwamba kumalira choncho.

Mana anayamba kuzimitsa zinthu chimodzichimodzi, akumvetsera, mutu atapendeketsa. Nyale, wailesi yachiwiri, zina zimene sukulu yanga sinafikeko. Atazimitsa alitineta, makina opanga magetsi injini ikamazungulira, udzudzu unafa. Atayatsa, unauka. Anagwira dzanja la a Komandanti naliika pa switchi.

"Zimitsani nokha. Yatsani. Makutu a munthu alibe switchi, bambo."

Bamboyo anazimitsa ndi kuyatsa kwa nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira.

Ine ndinkayesa kuti tatha, tigule alitineta ina. Mana anandiyang'ana mwachisoni. Anati alitineta iliyonse imang'ung'udza, nkhani ndi ya khomo limene kung'ung'udzako kwalowera. Mu ndege, magetsi akagwira ntchito amabwerera kudzera m'chitsulo cha thupi lake, chimene amisiri kuno amachitcha masa. Mawaya a mawu amayenera kukhudza thupilo pamalo amodzi okha. Akakhudzanso pena, magetsi a alitineta amaona njira yachidule, nadutsa m'mawaya a mawu ngati mbuzi m'munda wopanda mpanda.

Dzuwa linali litakwera, shedi ikutentha ngati uvuni wa mabanzi. Mana anagona chagada pansi pa mipando, tochi kukamwa, akutsata waya ndi chala. Thukuta linkawalowa m'maso, osalipukuta. Ankandiitanitsa zipangizo ndi mayina ake enieni, ine n'kumawapatsa zoyandikana nazo. Anafika pa khoma la mipando ya kumbuyo, pamene okwera amalowetsa mahedifoni, n'kuima. Panali kachitsulo kosalala, kowala, kodulidwa mwaluso.

"Apa panali pulasitiki," anatero.

Anaitana mkulu wina wosula zitsulo pa kampani yathu, munthu wa ku Degue konkuno ku Tete, wonyadira manja ake. Mkuluyo sanakane kuti kachitsuloko ndi ntchito yake. Anati pulasitiki ija inang'ambika ndi dzuwa, monga imachitira pulasitiki iliyonse mu mzinda uno, mipando, ndowa, mabeseni. Wobadwira ku Tete akaona pulasitiki yosweka sagulanso inzake. Anasula ya aluminiyamu, naipukuta, namangirirapo timabowo ta mahedifoni molimba, chitsulo pa chitsulo.

"Imeneyo, mayi, adzakwerapo ndi adzukulu anu."

"Ndi yokongola, atate, ndipo sindichotsa," anatero mana. "Koma tsiku lina mukadzakhudza ndege yanga osandiuza, ndidzakusulani inuyo."

Anatulutsa timphete ta pulasitiki tating'ono ngati mabatani a malaya, naika pakati pa timabowo tija ndi chitsulocho kuti zisakhudzane. Mkulu uja anayang'ana pulasitiki ikubwerera m'ndege, napukusa mutu monga munthu woona mkamwini woipa akubwerera pakhomo.

Tinailizanso. A Komandanti anawonjezera moto, ndege inanjenjemera, m'makutu muli zii. Anaitana a pa nsanja kuti ayese wailesi. Mawu anabwera oyera ngati munthuyo wakhala pa mpando wa pambali. Anayankha, naika manja pa mawondo.

"Kwa dokotala mupitabe," anatero mana, akulongedza zipangizo.

A Komandanti sanadikire mwezi uja. M'mawa mwake atakwera galimoto anandiuza kuti tisawoloke mlatho, tikhotere ku chipatala. Ndinawadikira pa mthunzi mpaka mthunziwo unandithawa. Anatuluka akuvala chipewa chawo cha ntchito, nakhala kutsogolo, nandiuza kuti ndiyendetse ngati munthu, ndege inyamuka masana.