Mbatata ya Mayi Nyamphinga

Ndikulemba chifukwa pakamwa pandikanika. Amishoni kuno ku Port Herald anandipatsa ntchito yomanga mabala a odwala khate, ati ndine mnyamata wachifundo. Tsiku lina mayi Nyamphinga, amene zala zawo zinatha, anandipatsa mbatata yootcha. Ndinalandira ndi manja awiri, koma chifukwa cha mantha ndinakaitaya m'bango. Atandifunsa m'mawa mwake, ndinati, "Inali yokoma kwambiri, amayi."

Kuyambira pamenepo amandisungira mbatata yawo tsiku lililonse, iwo n'kugona ndi njala. Akuwonda ine ndikuona. Ndikakana adzadziwa, ndikalandira ikathera m'bango. Dzulo ndinalimba mtima kuti ndiulule, koma anayamba ndiwo kulankhula.

"Mwanawe, ngakhale ana anga sadya za m'manja mwanga. Ndiwe wekha."

Ndinatambasulanso manja onse awiri.